Katundu Wapita ku Dakar, Mwini Wake Ali ku Mlomp

Mlomp,
Lachinayi, mvula ili mkati

Wokondedwa mdzukulu wanga Léocadie,

Choyamba ndifunse moyo. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Marseille, iwe ndi mwamuna wako woopa tsabola uja? Nanga kamwana kanu Célestin kayamba kuyenda, kapena mukukanyamulabe ngati dzira? Ine kuno Mulungu akundisunga. Mawondo ndiwo amalira m'mawa, koma kulira kwa mawondo si maliro. Zilembo zangazi zakula ngati mapazi a ng'ombe chifukwa cha ng'ala ili m'masomu, ndiye uwerenge choncho.

Ndikudziwa kuti amalume ako a Firmin akuimbira kale foni, ndipo nkhani yakupeza itapindika. Khala pansi umve kwa mwini wake. Usayerekezenso kudabwa, poti ndamva kuti tikiti ya sitima ija unagula ndiwe.

Anabwera mwezi wathawu kuchokera kwawo ku Dakar, iwo ndi akazi awo, mpongozi wanga Odile, nkhope zili mwee. Akuti amayi, mwakalamba musanakwerepo sitima yapamadzi. Akuti tiyeni mukapume ku Dakar masabata awiri, mugone m'kachipinda kanukanu ka bedi, chakudya akubweretsereni, muone nyanja ngati azungu odzacheza aja, tikafika adokotala akuoneni m'maso, kenako mubwerere. Ine ndinafunsa za mbande zanga za mpunga zili pa nazale. Akuti mudzazipeza zisanafike powokera. Ndinavomera. Ndani angakane kugona pa bedi loyenda?

Tsiku la ulendo Odile anandiuza kuti ndisavutike ndi kulongedza, achita yekha, ine ndingopita ndikatsazike anansi. Ndinaona ngati ulemu. Pobwera ndinapeza katundu ali kale padenga la galimoto, atamufunditsa lona. Mwamwayi phukusi langa ndinali nditamanga ndekha: nsalu ziwiri, kolona, chiphaso, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, nkhono zouma ndi botolo la mafuta ofiira a kanjedza lopatsa ana awo, poti ku Dakar amagula madzi opaka utoto nkumati mafuta.

Titafika padoko ku Ziguinchor, amalume ako anayamba kundiphunzitsa ngati ndabadwa dzulo. Akuti apa katundu timapereka mu shedi umu, amamuyeza pa sikelo, amamata kapepala ka nambala, nkumulowetsa m'mimba mwa sitima, ndipo tikamuonera ku Dakar mawa lake. Akuti anthu a m'zipinda amakwera chimanjamanja, akugwedeza mikono. Atatero anatambasula dzanja kuti phukusi langanso lipite.

Ndinakana. Ndinati katundu amene sukumuona si wako, ndi wa amene akumuona.

Odile anandinong'oneza kuti amayi, anthu akutiyang'ana, munthu wamkulu kusenza mwana wake ali pomwepo, ationa ngati tinakutayani. Ananena zoona, ndipo mwambo umenewo sanandiphunzitse ndi iye. Ndiye ndinati chabwino, mwana wangayo asenze. Amalume ako anayang'ana malaya awo oyera, nayang'ana phukusi, amvekere mafuta adontha amayi, perekani kwa anthu olipidwa ntchito imeneyi. Ndinati ine ndinakunyamula miyezi yonse ija ukundimenya mateche, sindinakupereke mu shedi. Amayi ena ogulitsa mandimu anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

Tili mkati mokangana choncho, amuna awiri anatula chinthu cholemera pa sikelo, chokutidwa ndi chiguduli. Chinalira kuti ngwee! Maso anga ndi ofooka, mwana iwe, koma makutu ndikadali nawo. Ndinasendera, nkupisa dzanja pansi pa chiguduli. Chala changa chinapeza chibonyo chija cha pakona, pomwe malemu agogo ako aamuna analigwetsera tikusamukira m'nyumba ino. Linali bokosi langa lachitsulo la kuseri kwa bedi.

Iwe ukudziwa zimene zili m'menemo. Nsalu zanga zoluka, zakuda zija, zimene ndasonkhanitsa chikwatiwire, zina za amayi anga, zoti mudzandikulungemo tsiku langa likadzafika. Bokosi limenelo silipita kocheza. Limatuluka m'nyumba mwini wake akamasamuka osadzabweranso. Tandiuza iwe wophunzira, ndani amatenga nsalu za maliro ake pa ulendo wa masabata awiri?

Odile akanangotenga miphika ndi madiresi, bwenzi pano ndili ku Dakar ndikuyang'ana khoma. Koma analeredwa bwino, sakanatha kusiya nsalu za apongozi ake m'nyumba yokhoma. Ulemu wakewo ndi umene unawaulula.

Kapepala anali atamata kale, ngolo inalikoka, bokosi langa linamezedwa ndikumva. Mumtima ndinati galu wamkota sakandira pachabe. Ndinapinda nkhata, nkudzitwika phukusi, nkuyamba makwerero a sitima. Mzungu wina wa kabudula anandijambula. Amalume ako ankabwera m'mbuyo atazyolika ngati mbuzi yonyowa.

Ndisakunamize, sitimayo ndi yabwino. Bedi lija ndinaligonera ndithu, poti unalipira. Mpunga wa nsomba ndinadya, ngakhale wophikayo amaopa mchere. Titayenda pamtsinje, mitengo ya m'madzi ikudutsa pawindo ngati mithunzi, ndinaitana amalume ako ndi akazi awo, nkuwauza kuti atseke chitseko. Ndinangofunsa kuti nsalu zanga zikukatani ku Dakar.

Odile anayamba kufunafuna chinthu m'chikwama chomwe munalibe kanthu. Kenako amalume ako anamasuka. Akuti amayi, chaka chatha munagwa m'munda, anakutolani ndi anthu odutsa. Akuti tsiku lina munathira palafini mumphika mukuyesa madzi. Akuti mumagona nokha, ife tulo sitiliona, foni ikalira timayesa uthenga wa maliro. Akuti tinakambirana ndi Léocadie, nyumba tikhoma, munda tipatsa asuweni alime, inu mukhale nafe. Tikanakuuzani mukanakana.

Ndinati ndiye munakhala atatu kugamula mlandu wa munthu wachinayi, mwini wake ali moyo, akupuma, akudya nsomba? Odile anagwada, misozi ili m'maso, amvekere amayi, takukonzerani chipinda chabwino, cha pankha yokupiza mphepo, simudzagwiranso ntchito, muzingokhala. Ndinamuuza kuti mwana wanga, kungokhala ndi ntchito ya mtembo, ndipo ngakhale mtembowo amayamba aufunsa kaye kumene ukufuna kugona.

Amalume ako anati zachitika zachitika, sitima yanyamuka, katundu yense ali pansi, tikakambira ku Dakar. Anatuluka kukaima kunja ndi azungu, kuonerera nsomba zikuluzikulu zodumpha zija. Ankaona ngati nkhani yatha. Anaiwala kuti sitimayi isanalowe m'nyanja yaikulu imaima kaye pa chilumba cha Karabane kutsitsa ndi kukweza anthu. Ine pa Karabane ndinayamba kupitapo ndi bwato, kukagulitsa mafuta, iwo asanamere mano.

Dzuwa litapendeka ndinamva injini ikutsitsa mawu, zingwe zikuponyedwa. Ndinamanga nsalu m'chiuno, phukusi pamutu, nkutsatira mapazi a anthu otsika. Pakhomo panali bambo wa yunifolomu. Anaona tikiti yanga, amvekere agogo, inu ndi a ku Dakar, muno si mwanu, ndipo katundu wanu wa pansi sitingamutulutse pano. Ndinamuuza kuti katundu wanga ndi uyu ali pamutuyu, wa pansiyo ndi wa eni ake amene anamulongedza. Anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Ndinati bambo, kodi nkhopeyi ikuoneka ya munthu wosochera? Anaseka, nkundigwira mkono mpaka pansi.

Ukuona tsono? Anthu ogwedeza mikono aja onse anali omangidwa ndi kapepala ka nambala. Kumene kukupita sutikesi, nawonso ayenera kupita konko ngati mbuzi yotsata chingwe. Ine, wochititsa manyazi uja, ndinali mfulu.

Ndisanapite patali ndinamva nsapato zikuthamanga pa mlatho wa doko. Amalume ako, wefuwefu. Akuti amayi mwapenga kodi, bwererani, sitima ikunyamuka. Akuti zovala zanga, mapepala a ku ntchito, mkazi wanga, zonse zili mmenemo, Lolemba ndikufunika ku ofesi. Akuti mukundichititsa manyazi pamaso pa anthu. Ndinati thamanga mwana wanga, sutikesi yako ingalire. Ine ndikupita kukawokera mpunga wanga.

Apa ndikuuze chimene sindinauze munthu. Mlatho umenewo ndi wautali, madzi uku ndi uku, ndipo dzuwa linali likuwala pamadzipo. M'maso mwanga munangoti mbuu, zonse zoyera. Anthu amene ndinkatsata mapazi awo anali atapita. Sindinkadziwa pomwe simenti yathera ndi pomwe madzi ayambira. Pakamwa pokha ndi pomwe pankayenda, miyendo inali itaima. Ndinaponya phazi limodzi, nkulibweza.

Amalume ako anasendera pafupi nane. Ndikuganiza kuti anaona phazi lija.

Sitima inaliza lipenga lake. Odile ankakuwa ali pamwamba, akutchula dzina la mwamuna wake. Ine ndinangoima, khosi lili gwa, kudikira kuti amalume ako andikokere m'sitima ngati thumba la anyezi. Akanatha, mphamvu ali nazo, ndipo sindikanadziwa kothawira.

Ndinangomva mutu wanga wapepuka. Ananditula phukusi, naliika pamutu pawo, popanda ndi nkhata yomwe. Anatenga dzanja langa nkulikoloweka pa mkono wawo. Amvekere tiyeni mayi wovuta inu, pondani apa, kumanzereko kuli madzi. Makwerero anachotsedwa tili chiyendere, sanacheuke. Botolo lija linadonthadi. Pofika pa bwato lotiolotsera ku Elinkine, njira ya kwathu, malaya oyera anali ngati a wopha mbuzi, ndipo anthu a m'bwato ankawafunsa ngati mafutawo akugulitsa.

Anakhala kuno masiku angapo, atavala buluku la malemu bambo awo lofika m'mawondo. Ku ofesi anaimbako foni, sindikudziwa chimene anawauza, koma ofesiyo sinagwe. Anagwira kajandu, khasu lathu lalitali lija, natipula munda wa kumunsi. Matuza anatuluka, mizere yake yokhota ngati njira ya woledzera, koma mpunga sufunsa kuti walima ndani. Tinakhala pansi tinakambirana, ulendo uno mwini nkhani ali pompo.

Tagwirizana motere. Mayi Diminga, amasiye a kuseri kwa tchalitchi aja, asamukira m'chipinda chimene unkagona iwe, kuti usiku m'nyumba muzipuma anthu awiri. Palafini amusunga ndi iwo. Mpunga ukalowa m'nkhokwe ndipita ku Dakar kuti andichotse ng'alayi, poti pa mlatho paja ndinaona ndekha kuti sindikuona. Koma tikiti idzakhale yopita ndi yobwerera, ndipo yobwererayo idzakhala m'phukusi langa, osati m'chikwama cha munthu.

Tsopano ndafika pa iwe. Sindikukwiyira. Ndikudziwa kuti umagwira ntchito ku chipatala, umaona nkhalamba zogwa tsiku ndi tsiku, ndiye ukatseka maso umaona ine. Koma ndakupempha, mdzukulu wanga, ukakhala ndi mantha chifukwa cha ine, uziimbira ine. Undiuze maso ndi maso kuti agogo mwakalamba, ine ndikutukwane, kenako timvane. Usandimatenso kapepala pamsana nkunditumiza ngati sutikesi. Tsiku limene mutu wanga udzasokonekeredi mudzandinyamula mmene mungafunire, sindidzadziwa. Lero ndikudziwa.

Chachiwiri, umuimbire Odile. Ine akundiopa, foni yanga sakuyankha. Anafika yekha ku Dakar ndi phiri la katundu wa anthu atatu, ndipo ndamva kuti analira padoko. Umuuze kuti mlandu palibe, ndi mwana wabwino, kungoti bodza salidziwa. Bokosi langa alibweze, koma asalitumize lokha, abwere nalo mwini wake adzadye nkhuku. Asathamange nalo ayi. Nsalu zanga zili ku Dakar ine sindingafe, ndingachite manyazi kupita kwa agogo ako ndili wosavala.

Undiperekere moni kwa mwamuna wako, umuuze kuti tsabola sanaphepo munthu. Célestin umupsompsone pachipumi, ndipo umutsitse pansi ayende. Mayi Diminga akupereka moni, akuti mafuta opaka a mawondo aja atha. Anzako a kwaya amakufunsa Lamulungu lililonse. Mukatha, bwerani nthawi yokolola, maso atsopano ndisanawalandire, kuti ndidzakuoneni muli okongola.

Ambuye akuyang'anireni polowa ndi potuluka, akupatseni tulo tabwino, ndipo iwe akuchotsere nkhawa ya ine. Mbande zagwira, munda wonse wabiriwira. Mayi Diminga ndiwo andiuza, koma ndapitako ndekha, ndagwira ndi manja.

Ndine agogo ako,
Honorine Sambou