Mwabatiziramo Ndani mu Hot Tub?

Bambo a Tupo,

Pepani sindinakudikireni, andiitana mwadzidzidzi kukagwira shifiti ya mnzanga ku West Bromwich.

Koma tandiuzani, mu hot tub ya alandilodi, bafa la madzi otentha la panja lija, mwachitika chiyani? Lachisanu ndinasiya madzi ali mbee. Lero povundukula ndapeza ali ngati otsukira mpunga, mafuta akuyandama pamwamba. Kapepala koyezera sikakuonetsa klorini ngakhale pang'ono, pH nayo yakwera. Inu mumati madzi otentha amakuchititsani chizungulire, ndiye walowamo ndani? Kuseri kwa shedi ndapezako nsalu zoyera zonyowa ndi botolo la mafuta odzozera lopanda kanthu. Abusa Everton, amene sandiimbira foni n'komwe, anandiimbira kawiri kufunsa ngati ndikugwira ntchito wikendi yonse.

Tupo asayandikireko. Chotsani fyuluta yosefera madzi ija muitsuke. Muyambe kuthira mankhwala otsitsa pH, klorini pambuyo, osasakaniza m'kapu imodzi. Pampu izizungulira, chivundikiro chili chotsegula. Paja alandilodi akubwera mawa kudzayendera nyumba.

Ngati mwabatiziramo anthu, ingonenani. Machimo awo onse atsalira m'fyulutamo, ndipo wotsuka ndinu.

Fyness