Rauta yatsopano ndi chilango cha Yohane

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino ndi ana, ndiponso kuti mwendo wa amayi waphwa. Kuno kunja ku Selly Oak tonse tili bwino, kupatula mlamu wanga Yohane, mng'ono wa amuna anga amene tikukhala naye, yemwe ndikumukhaulitsa.

Mwezi watha ndinali pa intavyu ya ntchito ya pavidiyo. Ndili mkati moyankha, nkhope ya bwana inauma, mawu anaduka, ntchito n'kupita. Nditatsikira pabalaza ndinapeza Yohane ndi anzake asanu akutchalitchi, aliyense akuonera mpira pafoni yake. Pasiwedi ya intaneti yathu anali atawagawira onse.

"Alamu, anthu akwathu n'kuwamana intaneti?" anatero akuseka.

Ndinatha sabata yonse ndikusankha rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, osati yokongola ayi, koma yolola kuchotsa pulogalamu ya kampani n'kuikamo ina yomvera mwini nyumba. Ndinaiikamo mosamala, chifukwa ukalakwitsa imafa osadzukanso. Zinatheka.

Tsopano pasiwedi sindimana munthu, koma foni ya Yohane ndi za anzake ndimazipimira intaneti ngati mchere wa wodwala BP. Loweruka akuonera mpira, pomenya penate, wosewera anauma mwendo uli m'malere mpaka alendo anabalalika. Yohane anakwera pampando, rauta ili m'manja pawindo, ati mitambo ya kuno ndi yokhuthala.

Lachiwiri ndili ndi intavyu ina, mundipempherere. Akakuimbirani kudandaula, chonde musandiulule. Ntchito ikapezeka ndimukhululukira ndithu, koma ligi ikatha.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Tiyamike