Mchira wa Waya Pansi pa Tepi

Lolemba, 6 Meyi

Sabata yachitatu m'chipinda choyezera. Kuzizira ngati m'filiji, eti makina sakonda thukuta. Amene anandilowetsa ntchito muno ndi mwana wa mlongo wanga, injiniya. Bwana wathu, amene anthu amamutcha Wotchi chifukwa maso ake sachoka pamkono, ankakana: "Munthu wopanda pepala m'chipinda muno?" Mwana anati pepala la amalume anga ndi manja awo. Ndinamva kukoma, ndibisirenji.

Bolodi ya mwanayu, ija ya tizipangizo ta magetsi, yafika lero. Yobiriwira, kukula ngati chikhatho, ya makina oyang'anira mtima wa odwala. Miyezi isanu ndi itatu akuijambula. Yanga ntchito kumatapo mowotcherera mawaya awiri ochokera ku makina oyezera, aja amati analaiza. Makinawo amatumiza kamagetsi pa waya wina n'kumatchera khutu pa winawo, kuona ngati njira ya magetsi pa bolodi ili ndi makani. Iwo amati impidansi. Makani akachuluka, tizipangizo ta pabolodi timafa ndi njala chakudya chili m'njira.

Ndamata, ndakuta ndi tepi. Zaka makumi anayi pa mawailesi, dzanja silinayambe kunjenjemera.

Lachiwiri, 7 Meyi

Zavuta. Pa sikirini pali mzere wofiira, ndiwo malire. Wathu wachikasu uyenera kuyenda pansi pake. Ukuyamba bwinobwino, kufika chakumanja n'kulumpha ngati mbuzi yaona chulu. Mwana wangogwira chibwano. Ndinati ndimuseketse ndi nkhani ya wailesi ija inkayankhula pokhapokha mwiniwake akaikhalira. "Amalume, lero ayi." Chabwino.

Wailesi ndinkaimva ndi khutu. Ikangosasa mawu, ndadziwa kale chatupa m'kati. Ichi sichilira. Chimadwala chamumtima ngati mkamwini.

Lachinayi, 9 Meyi

Makapasita khumi ndi awiri ndawonjezera, tizipangizo tosunga magetsi ting'onoting'ono ngati nsabwe. Maso akuwawa. Mzere osasuntha n'komwe.

Wotchi analowa, osakhala pansi. Akuti Lachitatu likubwerali mzere ukakhala usanatsike, ntchito yonse ipita kwa injiniya wa chipinda chapamwamba, uja wa nsapato zolira. Mwana sanadye masana. Nkhope ya mayi ake yeniyeni, pamene misozi yafika koma akuikaniza pakhomo.

Lachisanu, 10 Meyi

Masana, anthu onse atapita kukadya, ndinatsala ndikupukuta tebulo. Mkono wa jekete unakhudza tepi. Mzere unagwedezeka. Ndinakhudzanso ndi chala. Unagwedezekanso.

Pansi pa tepi pali ntchito yanga.

Mkulu amene anandiphunzitsa kumata, Mulungu amugoneke, ankandimenya pazala ndi sikuludiraiva: "Usadule waya mpaka pafupa, siyirako mnzako wodzakonza pambuyo." Ndiye moyo wanga wonse ndimasiya kamchira, kukapinda pa msomali kasanu, bwinobwino, n'kukabisa. Mwana anandiuza kuti mawaya akhale aafupi. Kwa ine anali aafupi, si apo akwana pansi pa katepi kamodzi?

Koma ine amene ndakhala ndikukulunga makoyilo a wailesi chiyambire ndevu zisanamere, sindidziwa chimene waya wopindapinda amachita? Ndinaika koyilo, chowonjezera makani, pakhomo penipeni pa magetsi. Sabata yonse makina akhala akuyeza kamchira kanga, osati bolodi ya mwana.

Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Awa agonera mpaka kusasa.

Loweruka, 11 Meyi

Ndalawirira. Ndadula timichira tonse tiwiri, kumata pafupi penipeni, tepi yatsopano. Mzere wagona pansi pa wofiira kuyambira uku mpaka uko. Timichira m'thumba la jekete. Sindinauze munthu.

Lolemba mwana akondwa, nkhani yatha. Ndi mmene ndikudziuzira.

Lolemba, 13 Meyi

Sanakondwe.

Wayeza kasanu. Wachotsa zingwe, wakonzanso makina kuchokera poyambira, wayezanso. Mzere uli pansi. Ine ndinati tiyamike basi. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Chochira chokha ndimachiopa kuposa chodwala, amalume. Ichi chikakhala pachifuwa pa munthu." Akuti ngati sadziwa chimene chasintha, ndiye kuti muyeso wake wonse ndi wosakhulupirika, ndipo Lachitatu akanena yekha kwa Wotchi kuti ntchito aipereke kwa wina.

Izi sindinaziganize. Ife a mawailesi ikangoyankhula timatseka chivundikiro, mwini anyamule. Awa amafuna kudziwa chifukwa.

Tsiku lonse pakamwa panga tsekee. Mayi wosesa anafunsa ngati lilime ndaliiwala m'basi.

Ndikanena, Wotchi wapambana, ine panja, ndipo manyazi agwera amene anandiikira kumbuyo. Ndikapanda kunena, miyezi isanu ndi itatu ya mwana ikupita kwa wa nsapato zolira. Ndazitembenuza uku ndi uku ngati bolodi yosowa pomata. Mbali zake ndi ziwiri zomwezo.

Lachiwiri, 14 Meyi

Ndanena. Nkhani ndinaikonza m'njira, yoyambira kwa mkulu uja ndi sikuludiraiva yake, koma nditafika inathawa yonse. Ndinangotulutsa timichira n'kutiika patebulo.

Mwana anatiyang'ana timichirato. Kenako: "Pindaninso, amalume." Ndinapinda pa msomali, kumata. Mzere unalumpha. "Dulani." Unatsika. Katatu konse, iye akujambula sikirini, osandiyang'ana. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Lachitatu, 15 Meyi

Mu ofesi mwa Wotchi. Mwana anaonetsa zithunzi ziwiri, cha mchira ndi chopanda mchira. Bolodi ilibe vuto, ntchito ikhala m'manja mwake. Wa nsapato zolira, amene analinso momwemo, anatuluka, nsapato zikudandaula mpaka pa masitepe.

Ndiye Wotchi anafunsa kuti wolakwa ndani. Mwana osaphethira: "Ndine. Sindinayang'ane pansi pa tepi." Wotchi anayamba kulemba pa fayilo ya mwana.

Ndinangopezeka ndaimirira. Ndinanena zonse, za msomali, za Loweruka, mpaka za kubisa masiku anayi, zimene ngakhale mwana sanafune kuzitchula. Kwa nthawi yoyamba Wotchi anandimvetsera osayang'ana pamkono. Anafufuta zimene analemba. Kuyambira mawa ndili kumakatoni, kulongedza katundu. M'chipinda choyezera ndisapondemonso.

Pobwerera mwana anali patsogolo, ine pambuyo, msewu wonse. Pa siteji anatembenuka: "Anakufunsani ndani? Ine akanangondilemba, inu akuchotsani. Kukula konseku osadziwa pokhalira chete?" Kukalipiridwa ndi mwana pagulu. Ine!

Basi inabwera yodzaza, mpando umodzi wokha. Anandikankhirapo, n'kundilanda chikwama, iye n'kuimirira. Njira yonse chikwama changa chili pachifuwa pake.

Mawa makatoni. Sindikudziwa ngati kumeneko amalola kukamba nkhani, kapena ayi.