Cheke cha Ng'ombe Ziwiri

Uliwa,
Karonga.
23 Epulo 1989.

Okondedwa achimwene a Lyson,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Dedzako. Kuno tili bwino, kupatula mwana wathu Lettie, mng'ono wake wa Prisca, amene anali ndi chifuwa sabata yatha, koma wachira. Kalatayi ndiipereka mawa kwa dalaivala wa lole ya boma imene ikudzanyamula katundu wanga. Chonde muiwerenge mpaka kumapeto musanayambe kundifunafuna m'loleyo, chifukwa ine mudzapeza mulibe.

Cheke chanu cha K600 ndinachilandira pa 29 Malichi, ndipo ndikuthokoza kwambiri. Ndinakulemberani kuti ndalamazo n'zogulira malata a nyumba yanga kumudzi. Sizinali za malata. Pamene ndinkakwatira Towera zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndinakuuzani kuti makolo ake anangolandira kamphatso. Zoona zake n'zakuti anatchula lobola ya ng'ombe zisanu, monga amachitira kuno. Ndinabisa chifukwa amalume anali atanena kale kuti ife kwathu sitigula anthu, ndipo sindinafune kuti Towera azionedwa choncho. Zitatu ndinapereka pang'onopang'ono. Ziwiri zinatsala, ndipo apongozi, a Yotamu Msiska a ku Ngara, sanandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi, poti ankandiona Lamlungu lililonse.

Tsono mukudziwa kuti aphunzitsi atilamula kubwerera ku zigawo za kwathu. Za lamulolo sindilembapo kanthu. Nditapita kukatsanzika, apongozi anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, monga amatchulira aphunzitsi kuno, "Asambizgi, inu ndinu munthu wabwino. Wapolisi amene anatenga mkulu wake wa Towera nayenso anali munthu wabwino. Anamusamutsira ku Nsanje, anati ng'ombe atumiza. Mwana amene anamusiya m'mimba ali Sitandade 6. Malizani ziwirizo, mutenge anthu anu." Sanakweze mawu. Mwa mwambo wa kuno, ng'ombe zisanathe mkazi ndi ana sachoka.

Ng'ombe ndinazipeza kwa a Chakufwa, mlimi wa kumtunda kwa Uliwa, tinagwirizana K300 iliyonse. Chinatsala n'chakuti cheke chanu chisanduke ndalama.

Kuno banki imabwera pa galimoto, Lachinayi lokha, n'kuima pafupi ndi positi ofesi maola awiri. Ndinaika chekecho Lachinayi pa 30 Malichi. Kalaliki wake, a Reginald, anachiyang'ana nati, "Ichi n'cha banki ina, aphunzitsi. Chikanakhala cha banki yathu yomweyi, sabata imodzi yakwana. Koma ichi ndi masiku khumi ndi anayi ogwira ntchito. Loweruka ndi Lamlungu musawerenge." Ndinawafunsa kawiri, ndipo ndinalemba mawu awowo kuseri kwa risiti. Kunyumba ndinatenga kalendala n'kuwerenga kuyambira pa 31 Malichi. Tsiku lakhumi ndi chinayi linagwera pa 19 Epulo. Galimoto ya banki pa 20, ng'ombe pa 21, kukazipereka pa 22, lole pa 24. Ndinawerenga katatu, Towera anawerenganso payekha. Ndinaona kuti pali malo.

Lachinayi lapitali ndinali woyamba pamzere. A Reginald anatsegula buku lawo, anayendetsa chala, nati ndalama sizinalowe. Ndinawaonetsa risiti ndi kalendala yomwe, poti ndinaitenga.

"Mwawerenga bwino," anatero, "koma mwayambira polakwika. Masiku sayamba pamene mwandipatsa ine. Amayamba chekecho chikalembedwa ku nthambi yathu ku Mzuzu."

"Nanga ku Mzuzu chinafika liti?"

"Galimotoyi ikachoka pano imapita ku Boma, kenako ku Chitipa. Tinabwerera ku Mzuzu Lachitatu pa 5 Epulo. Kuchoka apo chimapita ku Blantyre kumene mabanki amasinthana macheke, kenako ku banki ya achimwene anu kuti aone siginecha ndi ndalama, ndiye yankho libwerere njira yomweyo. Tsiku lanu ndi pa 25."

"Bwanji simunandiuze?"

"Munafunsa kuti ndi masiku angati. Simunafunse kuti kuyambira liti."

Ndinawapempha kuti aimbe foni ku banki yanu. Anaseka, osati mwachipongwe, nati, "Foni sisaina, aphunzitsi." Anthu kumbuyo kwanga anayamba kudandaula za dzuwa, ndiye ndinachoka. Sindikuwaimba mlandu. Funsolo ndinayenera kulifunsa ine.

Choncho ndalama zilowa Lachiwiri pa 25, koma ndingazitape Lachinayi pa 27, galimoto ikabweranso. Lole ikunyamuka Lolemba pa 24, ndipo kwa a D.E.O., mkulu wa maphunziro ku Dedza, ndikuyembekezeka Lachitatu pa 26.

Lachisanu ndinakwera njinga kupita kwa a Chakufwa ndi risiti ija. Ndinati ndiwalembere cheke changa cha pa 27, andipatse ng'ombe. Anaitembenuza risitiyo uku ndi uku, n'kundibwezera.

"Yayi, asambizgi. Inu pepala la abale anu lakusungani mwezi. Langa lidzandisunga mpaka liti, inu muli ku Dedza?"

"Ndi banki yomweyi, a Chakufwa. Silichedwa."

"Ndiye ngati silichedwa, dikirani ndinu. Ng'ombe zili pompano, sizikusamutsidwa."

Dzulo ndinapita ku Ngara ndi Towera. Apongozi anati akumvetsa, ndipo anandiuza njira yawo: ndipite ndi lole, Towera ndi ana atsale kwawo, ndidzabwere pa holide ya Ogasiti kudzamaliza. Anati palibe akundithamangitsa. Pa nzeru, njira imeneyi ndi yabwino, ndipo ndinatsala pang'ono kuvomera. Pobwerera tinayenda wapansi mpaka kumsewu. Titafika pa siteji, Towera anati, "A bambo a Prisca, akulu anga nawonso anawauza Ogasiti."

Achimwene, m'zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zimene ndaphunzitsa, sindinachedwepo kuntchito ngakhale tsiku limodzi. Fayilo yanga ilibe kalata yochenjeza. Ndikudziwanso kuti masiku ano munthu wochedwa pa kusamuka kumeneku angamuganizire kuti akutsutsa lamulo, ndipo zimenezo n'zimene zikundiopsa kuposa kudulidwa malipiro. Koma lole ipita yokha. Nditapa ndalama pa 27, ng'ombe pa 28, ku Ngara pa 29, ndipo tikwera basi Lolemba pa 1 Meyi. Ndikhala nditachedwa masiku asanu ndi limodzi. Ya basi ndagulitsa njinga kwa mphunzitsi amene akulowa m'nyumba ino, ndipo wavomera kuti tigone m'chipinda chimodzi mpaka tsikulo.

Ndikupempha zinthu izi. Mulandire katundu: mabokosi asanu ndi awiri, bedi, tebulo, mipando inayi ndi makina osokera a Towera. Bokosi lolembedwa 4 muli mbale, lisaikidwe pansi pa ena. Lachitatu m'mawa mupite nokha kwa a D.E.O. ndi kalata ina imene ndaika mu envulopu yomweyi. Ndalembamo zoona zokhazokha ndi madeti ake, chonde musawauze kuti ndikudwala. Komanso, musakhumudwe ndi funsoli, mukafunse ku banki yanu ngati chekecho anachilipira, ndi kuti siginecha sinawavute. Ngati chabwerera, munditumizire telegalamu ku positi ofesi ya Uliwa. Zikakanika Lachinayi likudzali, ndidikira Lachinayi linalo, ndipo zimenezi a D.E.O. ndawalembera.

Ndalama zanu ndidzabweza K50 mwezi uliwonse kuyambira Juni, ngati ntchito ndidzaipeze ikadalipo. Za malata mundikhululukire.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amalume muwauze zonse ndisanafike, kuti zimene anganene anenere inu, Towera asazimve. Moni kwa amayi. Towera akuti wawasungira mpunga wa Kilombero, ndipo sanalole kuti ukwere lole, aubweretsa yekha. Prisca ndi Lettie akupereka moni kwa agogo awo amene sanawaonepo. Amayi muwauze kuti asaphe nkhuku Lachiwiri lole ikafika, adikire kufikira titafika tonse anayi.

Ndine mng'ono wanu,
Elliot Kachigamba.