Baba Akana Kawiri

Gulu: Kwathu kwa a Moradkhani

LOLEMBA

Golnar 10:12
baba, telala wayimba akuti wamaliza kukulitsa yunifolomu yanu. yunifolomu yake iti??

Golnar 10:31
ndikuona kuti mwawerenga

Baba 10:58
Inathina.

Keyvan 11:00
kkkk mpunga wa achemwali umenewo. koma mukupita nayo kuti? chipumireni ntchito simunaivalepo

Baba 11:20
Palibe.

Golnar 12:05
[mawu ojambula 0:48]

Keyvan 12:06
ndili pa msonkhano, lemba

Golnar 12:09
ndawapanikiza aulula. dzulo kunayimba kaputeni wina wa kusukulu ya asilikali, akufuna baba akalankhule kwa anyamata omaliza maphunziro lachinayi. baba anati "ayi mwanawe, ndine yani ine, alipo ondiposa". iye nkungoti chabwino bwana, foni thi

Keyvan 12:10
KAMODZI?? osawakakamiza?

Baba 12:24
Ana a lero.

Keyvan 12:25
ulemu wa kwathu kuno ndi kukana kawiri, nkuvomera kachitatu. ngakhale wa takisi amayamba wakana ndalama, iwe nkumuumiriza. ameneyu analeredwa kuti

Golnar 12:28
usaseke keyvan. chinenereni baba pa wayilesi kuti msilikali asamachite malonda kapena kulowerera zisankho, palibe wawaitanapo, ngakhale kumaliro a anzawo. ndipo chimwalirireni amayi, ulendo wawo ndi wokagula buledi basi

Keyvan 12:30
baba okondedwa, ingoyimbani nokha munene kuti mwasintha maganizo

Baba 12:47
Ayi.

Keyvan 12:49
munalowa nkhondo ya iraq ndevu zisanamere. zala ziwiri munazisiya m'madambo a kummwera. malire onse a kummawa anali m'manja mwanu. lero a jenerali aope foni?

Baba 13:15
Sindipempha.

LACHIWIRI

Keyvan 09:40
nkhani yabwino! mlamu wanga behrouz amagwira ntchito mu ofesi kusukulu ya asilikali komweko. wamukhazika pansi kaputeni uja, akuti mnyamatayo thukuta kamukamu ndi manyazi. ayimbanso 3 koloko

Keyvan 09:41
baba mukangomva moni, vomerani. chonde

Golnar 14:50
ndafika. ameta ndevu kuti ayankhe foni kkkk

Golnar 15:06
keyvan

Golnar 15:06
AKANANSO

Keyvan 15:07
ukunama

Golnar 15:08
ati "mwandilemekeza, koma musavutike ndi nkhalamba". ine ndikuwakodola ndi manja onse awiri, iwo maso kudenga

Baba 15:19
Nkachiwiri kokha.

Keyvan 15:20
baba!! behrouz ndamulonjeza bokosi lathunthu la mtedza wa pisitasho chfkw cha foni imeneyi

Baba 15:33
Umupatse.

Keyvan 17:02
tamverani bwino. behrouz akuti akuluakulu ena kumeneko anasangalala mutakana. ali kale ndi dzina lina, munthu wolankhula ola lathunthu osanena kanthu. mawa 12 koloko atseka nkhani. kaputeni yekha ndi amene akukufunani, akuti bambo ake anali msilikali wanu kumalire

Golnar 17:10
nanga mukakaima pamenepo mukanena chani baba?

Baba 17:31
Zomwezija za pa wayilesi.

Baba 17:44
Ndi kuti nkhondo ndinaiona. Amene amaiitanira sanyamula maliro. Anyamatawo amve kwa ine asanamve kwa ena.

Keyvan 17:45
golnar jambula uthengawu. sanalembepo wautali chonchi, ngakhale pa ukwati wanga

Golnar 17:46
paja pa ukwati wako anangoti "Bwino."

Keyvan 17:47
ndiye vomeranitu baba, anyamatawo amve

Keyvan 18:30
baba?

LACHITATU

Keyvan 10:15
ayimba?

Golnar 10:16
ayi. baba akuthirira mtengo wa makangaza kachitatu, ufa ndi madzi

Keyvan 11:20
pano?

Golnar 11:21
zii. foni aiika pa thireyi pambali pa shuga, akunamizira kuwerenga nyuzi ya dzana

Keyvan 11:38
behrouz sakuyankha. ndayimba kanayi

Golnar 11:40
andifunsa ngati foni ya m'nyumba imatha kufa yokha. keyvan ndikumva chisoni

Golnar 11:51
IKULIRA

Keyvan 11:51
AYANKHE

Golnar 11:51
akuthira tiyi

Keyvan 11:52
alande foniyo uwaike pakhutu!!

Golnar 11:52
ati ilire kaye, asaoneke ngati amadikira

Golnar 11:52
anyamula. andithamangitsira kukhitchini, chitseko atseka

Keyvan 11:54
ukumva chani?

Keyvan 11:57
golnar

Keyvan 12:01
[mawu ojambula 0:06]

Keyvan 12:04
anthu inu mundipha

Baba 12:13
Anaumirira kwambiri mwanayo. Sindikanatha kumuchititsa manyazi.

Baba 12:15
Mawa 8 koloko. Keyvan, utsuke galimoto.