Kabotolo ka m'Sokosi

12 Ogasiti
Chithunzi china pafoni, chochokera ku Lusaka. Kabotolo kowala mobiriwira ngati chiphaniphani. Koma dzanja logwira si la aLazarous amuna anga. Zala zazitali, zikhadabo zopaka zofiira. Ndafunsa. Akuti ndi Nancy, mnzawo wa ku yunivesite, amapanga limodzi mankhwalawo. Ine kuno ku Sinda, Taonga kumsana, kuswa nshawa.

16 Ogasiti
Andifotokozera pafoni. Chitsulo chake akuti iridiyamu, chosowa kuposa golide. Amachiwiritsa ndi mankhwala ena tsiku lonse, motseka kuti mpweya usalowe. Akasintha ophatikizawo, kuwala kumasintha, kobiriwira kukhala kofiira. Akuti n'zimene zimawalitsa magalasi a mafoni ena. Ine chimene ndamva ndi tsiku lonselo basi. Awiriwiri, chitseko chotseka. Wolekera giredi 6 ngati ine ndiyankhapo chiyani?

29 Ogasiti
ALazarous afika, adzaonera mwambo wa Kulamba. Pakamwa Nancy, Nancy. M'chikwama mwawo kabotolo kaja, kokulunga m'sokosi. Ndauza mlamu wanga Rose, iye akuti: "Mulamu, mwamuna kusunga kabotolo ka mkazi wina m'sokosi? Anadyetsedwa ameneyo." Akandisiya, Taonga ndipita naye kuti?

31 Ogasiti
Onse ku Mkaika, ku Kulamba. Ine ndati mwana watentha thupi. Bodza. Ndatseka chitseko ndi zenera, ndaunika kabotolo kaja ndi katochi kabuluu kamene abwera nako, kowalitsira mankhwalawo. Mayo ine, kukongola kwake! Mpaka Taonga kutambasula timanja. Ndatsegula, kufuna kuona ngati muli tsitsi kapena mizu. Fungo loipa ngati la penti. Mulibe kanthu, timadzi tokhatokha. Ndakhutchumula, ndasuzumiranso, ndatseka. Ndakabwezera m'sokosi muja.

1 Seputembala
Titaweruka kutchalitchi aLazarous aitana amayi awo, Rose ndi ine m'nyumba. "Amake Taonga, khalani kutsogolo. Ndanyamulira inu aka, muone chimene chimandisunga ku Lusaka."

Ine.

Aunika. Kangoti phethiphethi ngati khala lofuna kuzima. Ayang'ana chotsekera, kenako ine. "Mpweya walowa," basi. Rose maso pansi.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Atenga foni, atuluka. Ndikuwamva pansi pa mtengo wa mango pano ndikulemba, akufunsa Nancy mmene angachotserenso mpweyawo. Akuseka naye. Akuti sadikiranso Lachisanu, akwera basi ya mawa.

Ndine amene ndawakweza basiyo.