Galimoto ndagulitsa kunja, apongozi alongedzamo katundu

Aphungu,

Nkhani yangayi ndikauza anzanga amaseka, koma ine ikundiwonditsa. Malume anga atamwalira anandisiyira galimoto yakale ya mabampa achitsulo, ija yoti potseka chitseko umachita kukankha ndi phewa. Ine ndimakhala nyumba ya lendi yopanda malo oimikapo, choncho yakhala zaka zambiri mushedi kuseri kwa nyumba ya apongozi anga aakazi, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala.

Mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga, ndi namwino kutsidya kwa nyanja. Tsiku lina ankaonetsa anzake akuntchito zithunzi za banja, ndipo dokotala wina, bwana wake, m'malo moona anthu anaona galimoto kumbuyo kwa anthuwo. Akuti kwawoko zamtunduwu zinatha ndi dzimbiri, ndipo iye amazisonkhanitsa ngati mmene ena amawetera nkhunda. Tinagwirizana, analipira, ine n'kupeza ejenti wotumiza katundu pa sitima. Ejentiyo anandiuza momveka bwino kuti galimoto imakwera sitima yopanda kanthu, kupatula tayala lapadera ndi jeke. Ndinasaina kuti ndi mmene idzapitire.

Vuto linayamba apongozi atamva dziko lomwe ikupita. Iwo ndi telala, anapuma ntchito koma zala zikadali zakuthwa. Poyamba anapempha kuti muikidwe bulangete limodzi lokha, poti kumeneko kumazizira. Ndinati ndifunsa kaye. Lamlungu lapitali nditapita kukaliza injini ndinapeza buti yadzaza: mabulangete, nsapato za mdzukulu amene sanamunyamulepo, makina awo akale osokera, ndi kamtengo ka mandimu m'chitini, dothi lake lomwe. Nditakhala pampando ndinadabwa mutu ukugunda denga. Anali atamasula ulusi wa mpandowo, kulowetsamo timaphukusi ta njere za maungu ndi mankhwala azitsamba a chifuwa, n'kusokanso mwaluso moti msoko sindinauone.

Nditayesa kufotokoza anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Akamwini, chinthu chikuwoloka nyanja kukatsikira kumene kuli mwana wanga, inu mukuti chipite chimanjamanja? Kwanu mumatero?" Anakumbutsanso, mofatsa ndithu, kuti shedi yawo yasunga galimotoyo zaka zonsezi osadandaula. Mkazi wanga akuti za ine ndi amayi ake salowererapo, koma chiyambire tsikulo amandiyankha ndi mawu amodziamodzi.

Kwinaku dokotala uja akufunsa pepala losonyeza kuti galimoto yachotsedwa m'kaundula wa kuno, akuti popanda limenelo kwawo sangamupatse nambala. Ine ndimaganiza zongomutumizira buku la galimoto, galimotoyo n'kupita mapuleti ake a manambala akuno ali pomwepo, poti ananena kuti amawakonda. M'bukumo mudakali dzina la malume.

Mnzanga wina wandilangiza kuti ndingovomera zonse, panjira yopita kudoko nditsitsire katunduyo kunyumba kwake, kenako ndidzanene kuti anaba a pasitima. Lole yodzanyamula galimoto ibwera sabata yamawa. Sindikufuna kudana ndi apongozi, amene sanandilakwirepo. Nditsate nzeru ya mnzangayi?

D.W.K., kutali ndi doko

A D.W.K.,

Choyamba mukandiperekere ulemu kwa apongozi anu. Mayi wotha kubisa dimba lonse mumpando, mwini galimoto osaona msoko, akanayenera kulembedwa ntchito pachipata cha m'malire a dziko kuti azigwira anzake. Koma tiyambe ndi mfundo imene pakhomo panupo aliyense akuilambalala: galimotoyo si yanunso. Ndi ya dokotala kuyambira tsiku lomwe analipira. Banja lanu likulongedza katundu m'chipinda cha eni ake.

Tsopano taganizirani tsiku lomwe idzatsike kutsidyako. Maiko ambiri saseka ndi dothi, njere ndi zitsamba zochokera kwina, ndipo oyendera katundu saona ndi maso okha, ali ndi agalu amene msoko wokongola suwakhudza mtima. Galimoto idzagwidwa. Dokotala adzaitanidwa kuti afotokoze za ufa wa mizu umene uli mumpando womwe sanakhalepo. Pepala lonena kuti mulibe kanthu lili ndi siginecha yanu. Ndipo m'mawa mwake, amene adzakumane naye mukhonde la chipatala si inu, si apongozi. Ndi mlamu wanu, atanyamula thireyi ya mankhwala, kusowa poyang'ana.

Nzeru ya mnzanuyo itayeni. Ndi uja amathandiza kuzimitsa moto ndi palafini. Apongozi adzalira makina awo, adzaimbira mwana wawo, mwana adzafunsa bwana wake, bwana adzafunsa ejenti, ejenti adzatulutsa zithunzi zomwe anajambula padoko, buti ili pululu. Bodza lanu lidzakhala litazungulira dziko lonse popanda tikiti n'kudzakupezani muli pakhonde. Wopindula yekha ndi mnzanuyo, amene nyengo yozizira ikubwerayi adzagona mofunda.

Chitani izi. Pitani kwa apongozi nokha ndi miyendo yanu, masana, mkazi wanu ali pambali. Akuti salowerera, chabwino, akhale ngati mboni. Musayambe ndi malamulo, chifukwa mayi amene mwana wake ali kutali lamulo amalimva ngati mwano. Yambani ndi mwanayo. Auzeni kuti katunduyu akagwidwa, wochita manyazi pamaso pa bwana wake ndi mwana wawo, mwina mpaka ntchito kugwedezeka. Mlamu wanu muyambe mwamuimbira kuti nayenso anene zomwezo ndi pakamwa pake. Mawu amene akamwini akawanena amakhala chipongwe, mwana wobereka akawanena amakhala nzeru.

Kenako muwapemphe kuti mpandowo aumasule okha. Ndi iwo okha akudziwa kuti timaphukusi tilimo tingati, ndipo ine ndikukayika ngati mpando ndi umodzi wokhawo. Mukatero musawasiye manja ali m'khosi. Funsani ejenti za bokosi lapadera, lolembedwa dzina la mlamu wanu, zam'kati zonse zitatchulidwa poyera. Mabulangete, nsapato ndi makina angathe kupita mwanjira imeneyo, ndipo wolipira bokosilo ndinu. Shedi ija simunaithokozepo, mwayi wake ndi umenewu. Njere ndi mankhwala zitsale. Kamtengo ka mandimu kadzalidwe pabwalo pomwepo, mdzukulu adzathyole yekha akadzabwera.

Za mapepala, pepani, apa mwagona. Malume anu, Mulungu awasunge, sangagulitse galimoto. Pitani ku ofesi yolembetsa magalimoto ndi chikalata cha imfa yawo komanso umboni woti galimotoyo inasiyidwira inu, dzina lisinthidwe kaye. Mukatero pemphani kuti ichotsedwe m'kaundula ngati yotumizidwa kunja, ndipo mufunse ngati pakufunika kalata ya apolisi yotsimikizira kuti si yakuba. Musanapite, tengani tochi ndi kansanza, mupukute nambala ya chesisi ndi ya injini, muyerekeze ndi zomwe zili m'buku. Galimoto zakale zambiri zinasinthidwa injini pansi pa mtengo popanda wouza boma, ndipo nambala imodzi ikasiyana dokotala adzakhala ndi chokongoletsera pabwalo, osati choyendera. Za mapuleti a manambala amene akuwakondawo, funsani ku ofesi komweko ngati amaloledwa kupita kapena amabwezedwa. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho dokotalayo akulembereni mndandanda wa zomwe kwawo akufuna, muupereke kwa ejenti.

Galimoto itsukidwe mpaka kunsi, matope onse a m'matayala achoke. Ijambuleni mbali zonse, buti ili yotsegula. Funsani za inshuwalansi ya paulendo. Mapepala enieni atumizidwe paokha kudzera kwa onyamula makalata odalirika, osati kuwasiya m'kabati ya kutsogolo. Ngati zonsezi sizingatheke sabata imodzi, ndipo ndikudziwa maofesi athu, sizitheka, imitsani loleyo ndipo mumuuze dokotala chifukwa chake. Munthu amene wadikira galimoto yotere theka la moyo wake sangafe ndi mwezi umodzi.

Chenjezo langa ndi ili. Ikangotsukidwa, isagonenso kwa apongozi ngakhale tsiku limodzi, chifukwa chikondi cha mayi chimapeza mpata pomwe inu mukuona chitsulo chokhachokha. Koma poichotsa musachite mozemba ngati mukuthawitsa mkazi wa mwini. Atsanzikeni, aione ikutuluka pageti, bokosi lawo lili pambali lomangidwa bwino ndi dzina la mwana wawo pamwamba. Mwina adzakukwiyirani sabata ziwiri, ndipo mudzapirira. Dokotalayo simudzaonana naye moyo wanu wonse, galimoto ikangokwera sitima yapita. Apongozi akutsala, ndipo Lamlungu lililonse mudzafunikabe kugogoda pachitseko chawo.